Nthutumba ya Alamu Anga

Mwana wathu wachisamba anafika zaka zinayi asanapemphepo kanthu kwa munthu. Sindikunena kuti anali waulemu ayi. Sankalankhula, sankaloza, ndipo ukamuitana ankapitiriza zake ngati waitana mwana wa eni ake wa ku Lundazi. Ntchito yake inali kundandalika zivundikiro za mabotolo. Ankayambira pakhomo la kuchipinda, kudutsa pabalaza, kutsika pakhonde, ndipo tsiku lina ndinachita kukamubweza mzere utatsala pang'ono kufika ku Mtenguleni. Anthu amati ndimawonjezera. Kafunseni madalaivala a minibasi za ku Katete, amene anaima n'kudikira kuti amalize kuwoloka msewu.

M'nyumba mwathu kupempha kunalibe malo. Mkazi wanga ndi wa ku Kasenengwa, kwa alimi a thonje ndi mtedza, kumene mwana akalira ndi njala mlandu umagwera mudzi wonse. Mayi ameneyu amamva ludzu la mwana wake lisanafike kukhosi kwa mwiniwake. Mwana akangotembenuzira mutu kumene kuli ndowa, kapu inali itafika kale pakamwa. Akakanda pamimba, mbatata ili m'manja, yosendasenda. Nthawi ina anamufunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo, ine n'kumufunsa ngati mutu ukuyenda bwino, ndipo posakhalitsa kunagwa matalala. Ndinalipo, ndinanyowa.

Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti mwana ali ndi otizimu, vuto lobadwa nalo lovutitsa kulankhula ndi kuyanjana ndi anthu, ndipo kuti si mlandu wa munthu aliyense, si wa mayi, si wa bambo. Ndinaona kuti dokotala uja ponena kuti "si wa bambo" anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Mankhwala sanatipatse. Anatilozera kukiliniki ina yaing'ono kuseri kwa masitolo, kumene amati kwayamba chithandizo cha ana otere, chotchedwa ndi zilembo zitatu: A, B, kenako A kachiwiri. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, mwana wa mphunzitsi wa ku Tamanda, ndipo kwathu pambuyo pa B pamabwera C. Anthu ofika pa B n'kubwerera m'mbuyo ndinayamba kuwakayikira ndisanawaone.

Chondikayikitsa chachiwiri chinali fungo. Kunalibe. Chipatala chenicheni chimakulonjera ndi sipiriti ukadali pageti, koma kuno kunkangomveka sopo wokolopera pansi. M'chipindamo munali mphasa ya pulasitiki, timipando ta ana ndi kabati yotseka. Jekeseni panalibe, sikelo panalibe, ngakhale chithunzi cha mafupa a munthu pakhoma chokuopseza kuti ukhale chete. Anatilandira mtsikana wovala nsapato zothamangira, wamng'ono moti mwina ndinamuphunzitsapo giredi folo n'kumuiwala. Ndinamutcha adokotala, anakana. Ndinamutcha anesi, anakananso. Tinagwirizana pa amadamu. Koma munthu wokana maudindo awiri motsatizana m'Chipata muno amakhala ndi chimene akubisa.

Amadamu sanafunse kuti mwana akumva kupweteka pati. Anafunsa kuti amakonda chiyani. Mkazi wanga anati mtedza wokazinga, ine ndinati zivundikiro. Iwo anatsegula kabati, n'kutulutsa kabotolo ka madzi a sopo, n'kuyamba kuuzira thovu m'mwamba. Mwana wanga, amene agogo ake enieni anali asanawayang'anepo kumaso, anayang'ana thovu lija n'kuseka. Maulendo oyambirira onse ntchito inali yomweyo. Amadamu ankagona chafufumimba pamphasa, kumuthandiza kundandalika zivundikiro, kumupatsa mtedza waulere, kuuzira thovu. Ine ndinali pakampando, maondo ali m'makutu, kudikira kuti kuchiza kuyambe.

"Amadamu, nanga chithandizo chiyamba liti?"

"Chayamba kale, atate."

"Ine ndikuona mukusewera."

"Ndiye kuyambako. Andizolowere kaye, adziwe kuti zabwino zimachokera kwa ine."

Potuluka ndinauza mkazi wanga kuti zinthu zoyamba ndi mtedza waulere ndaziona zambiri nthawi ya kampeni, ndipo palibe chimene chinathera pabwino. Iye anati nditseke pakamwa, mwana waseka.

Tsiku lina zinasintha. Amadamu anauzira thovu kamodzi, n'kutseka kabotolo, n'kukagwira m'manja mwana akukaona. Anangokhala phee. Mwana anayang'ana kabotolo, anayang'ana kudenga, kenako anatsegula kukhosi. Kulira kwa mwana wanga sikuli ngati kwa ana anu. Tsiku limenelo a njinga zonyamula anthu anaima pamsewu n'kuvula zipewa, poganiza kuti kwagwa maliro a munthu wamkulu. Mkazi wanga ananyamuka kuti akalande kabotolo, koma amadamu anamuimitsa ndi dzanja osamuyang'ana n'komwe. Mwana atapuma kuti akoke mpweya wina, amadamu anamugwira chala n'kuchilozetsa pakabotolo, nthawi yomweyo thovu mbwee chipinda chonse, iwo n'kukuwa kuti "Wakhoza!" ngati munthu wapambana mayeso a giredi seveni.

"Apa ndachedwa ndine," anatero. "Ulendo wina ndimugwira dzanja asanayambe kulira. Tikumuphunzitsa kupempha, kuti aone kuti pali njira ina yosakhala kukhosi."

Mkazi wanga anali akupumabe mwamphamvu. "Zoloza ayi, amadamu. Akadzaloza munthu wamkulu kwathu, adzati anamulera ndani?"

"Nanga kwanu mwana amalandira bwanji chinthu?"

Mkazi wanga anaphatikiza manja awiri, zikhatho m'mwamba, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

"Basi, tiphunzitse zimenezo."

Ine ndinali ndi funso langa. "Pepani amadamu, musandimve molakwa. Zopatsa kanthu munthu akachita bwinozi ndinaziona kumishoni ndili mwana, koma mzungu wake ankachita ndi galu."

"Inuyo atate, mwana akakhoza samu m'kalasi mwanu mumatani?"

"Anzake amamuwombera m'manja."

"Amauwa?"

Munthu wokhala ndi yankho lokonzeratu chotero ndiye kuti funsolo anafunsidwapo kale ndi apolisi.

Tisanatuluke anatipatsa ntchito ya kunyumba. Chimene mwana akuchifuna tichiike poonekera koma posafikira, tidikire pang'ono, akapanda kutambasula manja timugwire ife n'kumuphatikizira, ndiye timupatse. "Koma tsiku limene adzatambasule yekha, popanda womugwira, mumupatse chinthucho pomwepo. Osati mukamaliza kutafuna, osati mukasamba m'manja. Pomwepo. Mukachedwa adzaona ngati manjawo sagwira ntchito, n'kubwerera kukulira."

"Chilichonse?"

"Kupatula mpeni, moto ndi mankhwala."

"Nanga akapempha galimoto ya boma?"

"Mudzayesetse, atate."

Mkazi wanga analephera tsiku loyamba lomwe. Manja ake ankapereka okha iye asanawalole. Anayesa kuwakhalira, koma phazi linakankhira kambale kwa mwana. Ntchito inagwera ine. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhonde, tayi ili m'khosi, kambale ka mtedza ndakakweza m'mwamba, mwana ali patsogolo panga akufuna kulira. Ndimugwire manja, ndimupatse, ndikuwe kuti wakhoza. Yekha sankatambasula. Kukiliniki amadamu ankangomukhudza chigongono, manja n'kubwera okha, koma kunyumba ndinkachita kuwanyamula ngati ndowa yodzaza. Ndinayamba kuganiza kuti awiriwa anapangana zondichititsa manyazi.

Mpanda wathu ndi waudzu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe amakonda kusesa malo amodzimodzi pafupi ndi mpandawo, moti panakumbika dzenje lofika m'chiuno. Ali m'dzenje lakelo anaona mwamuna wamkulu, wophunzira, akumana mwana wake mtedza. Kumana mwana chakudya iye akuona, ngakhale mfiti imachita manyazi, imakachitira kuseri. Ndiye panalinso nkhani ya firiji. Ndinali nditangogula firiji yakale, yolira ngati thirakitala. Anthu a m'komboni anaphatikiza okha: mwana salankhula, bambo ake amapita naye kukanyumba kopanda mankhwala, akabwerako amamumana chakudya, ndipo m'nyumba mwalowa firiji. Mawu a mwana anapita kuti, ndipo firiji inachokera kuti? Nkhaniyi inafika ku Kasenengwa minibasi ya m'mawa isanadzaze.

Loweruka lotsatira anatulukira alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, mlimi wa thonje ndiponso mkulu kutchalitchi kwawo kwa Akatolika. Kwawo kwa mkazi wanga ndi Achewa, mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndinangobereka. Mwini mwana ndi malume ake, ndipo malume akati mwana apite kumudzi, ntchito ya bambo ndi kuthandiza kumanga katundu. Alamu anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Asanakhale pansi anapita pafiriji, anaitsegula, n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali ngati akumvetsera mphwawo akulankhula mmenemo. Munali botolo la madzi ndi matimati awiri.

"Aphunzitsi," anatero atakhala, "mwana ndikumutenga. Tinyamuka dzuwa likapendeka."

"Alamu, mwanayu ali pa chithandizo."

"Cha jekeseni?"

"Ayi."

"Mapiritsi?"

"Ayi."

"Ndiye amamuchita chiyani kumeneko?"

"Amamuuzira thovu."

Ndinamva ndekha mmene zinamvekera. Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'khola la mnzake.

"Nanga zoti mumamumana mtedza?"

"Sitimumana. Timamuphunzitsa kupempha."

"Kupempha! Ife kwathu ana timawakalipira chifukwa chopempha, inu mukukwera naye njinga kuti akaphunzire? Chabwino. Inu ndinu asukulu. Ndionetseni chimene waphunzira."

Ndinatenga kambale ka mtedza, ndinakakweza, ndinaitana mwana ndi mawu okoma amene sindinawagwiritsepo ntchito ngakhale pofunsira mayi ake. Mwana anadutsa pakati pa ine ndi alamu, n'kukakhala pakona ndi zivundikiro zake. Ndinatsala nditakweza kambale ngati wansembe, mpaka alamu anati nditsitse, dzanja lingaume.

Kunena zoona, mafunso a alamu anali anga omwe, kungoti iwo anawafunsa atavala chipewa. Koma za kumudzi ndinkazidziwa. Kumeneko kuli azakhali ndi amayi aang'ono amene ukawayerekeza ndi mkazi wanga, mkazi wanga ndi waulesi. Mwana akanakhuta, akanakondedwa, akanaberekedwa kumbuyo mpaka miyendo kukhudza pansi, ndipo akanamera imvi asanapemphe kanthu. Tsiku limene dzino likanamupweteka akanalira basi, anthu n'kumathamanga ndi mbatata. Ndipo akangopita, kukiliniki ndiye kwatha, chifukwa palibe amene akanasiya thonje m'munda kuti aperekeze mwana kutauni kukaona thovu.

Mkazi wanga sakanatsutsa mchimwene wake pamaso panga. Anangogwada pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mudye kaye." Anatuluka, ndipo kuseri kwa nyumba kunamveka nkhuku ikutsanzika.

Nkhuku ikaphedwera mlendo, nthutumba ndi yake. Ikasowa m'mbale, mlendo angathe kukana nkhuku yonse, ndipo pali mabanja amene anatha chifukwa cha kanyama kameneka. Mwana sailawa n'komwe. Ine ndinayamba kuidya ndili ndi ndevu, ndipo ndinayang'ana kaye kumbuyo. Alamu anaipeza m'mbale mwawo, anaitembenuza kuti aone ngati ili yathunthu, n'kuikankhira m'mphepete kuti adzamalizire pomaliza.

Tinkadya awiri pabalaza, firiji yokha ikulira. Kuchipinda ndinkamva mkazi wanga akutsegula ndi kutseka sutukesi, kuchedwetsa dala. Ndiye mwana analowa. Masiku onse anthu ankawadutsa ngati mipando, koma apa anaima pafupi ndi bondo la malume ake. Anayang'ana nthutumba. Anaiyang'ana ndithu. Kenako anakweza manja awiri, n'kuwaphatikiza, zikhatho m'mwamba.

Palibe amene anamugwira. Chigongono chake chinali kutali ndi ine ngati kuno ndi ku Petauke.

Alamu anadabwa, koma ndi munthu woleredwa bwino. Ananyema kamnofu ka pachifuwa n'kumupatsira. Mwana sanakayang'ane n'komwe. Maso anali pa nthutumba, manja ali pomwepo, ndipo ndinaona akuyamba kutsika.

Atate anga anandilera kuti dzanja langa lisadutse pamwamba pa mbale ya munthu, ngakhale nyumba ikupsa. Dzanja lomwelo linawoloka tebulo, linalowa m'mbale ya alamu anga, mwini mbumba, mlendo wophedwera nkhuku, linatola nthutumba n'kuiika m'manja mwa mwana.

"Wakhoza!" ndinakuwa, ndi mawu opyapyala a amadamu, ndikuwomba m'manja muli msuzi wokhawokha. Dontho lina linagwera pa kolala ya alamu.

Firiji inazima yokha, ndikulumbira, magetsi alipo. Mkazi wanga anali pakhomo, atagwada ndi jagi ya madzi, chitenje chili kukamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Mwana anatafuna nthutumba ija modekha ataima pomwepo, anameza, anapukutira manja pa thalauza la malume ake, n'kutuluka.

Alamu anayang'ana malo amene panali nthutumba. Kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, kwanu ku Tamanda mumatero?"

"Ayi, alamu."

"Ndiye mwaziphunzira kuti?"

"Kukiliniki."

Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, mwamuna wako wandipisa m'mbale."

"Ndaona, achimwene."

"Ndiye ukuseka?"

"Wapempha, achimwene. Wapempha yekha. Palibe wamugwira."

"Munapangana inu. Nkhuku ili ndi mapiko, ili ndi miyendo, ili ndi khosi, koma mwana wanu wasankha nthutumba yanga. Mwakhala mukumuphunzitsa ndi chiyani, chithunzi changa?"

Anatenga mwendo wa nkhuku, anaukweza m'mwamba monga ndinachitira ndi kambale, n'kuitana mphwawo. Mwana sanabwere. Anaitananso, mokweza. Kunja kunangomveka zivundikiro zikugundana.

"Mwaona? Akufuna za akuluakulu zokhazokha."

Anasamba m'manja chakudya chisanathe. Dzuwa linapendeka, iwo ali pakhonde, chipewa chili pabondo, akuyang'ana mwana. Linapendekeratu, sananyamuke. Mkazi wanga atawafunsa ngati atulutse sutukesi, anati, "Isiye kaye. Ndigona. Lolemba ndikamuone mayi ameneyu, wophunzitsa amuna aakulu kupisa m'mbale za alendo." Ine sanandilankhule tsiku lonse la Sabata. Akafuna mchere ankauza khoma.

Lolemba tinapita anayi. Alamu anakana njinga, anati akufuna aone njira bwinobwino kuti akadzafuna kubwera ndi apolisi asasochere. Kukiliniki anawapatsa kampando ka ana, ndipo anakhalapo mowongoka ngati ali kubwalo la milandu. Mkazi wanga atafotokoza za Loweruka, amadamu analumpha, anawomba m'manja, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Aka kanali koyamba kuyamikiridwa chifukwa cha kuba.

"Mayi," anatero alamu, "mukusangalala?"

"Kwambiri, malume."

"Kuti mwana wapempha nthutumba ya mlendo?"

"Kuti wapempha."

"Mukamaliza kumuphunzitsa kupempha, mudzamuphunzitsanso kuti zina sapempha?"

"Tidzafika. Kudikira kuli kutsogolo, kukanizidwa kulinso kutsogolo. Koma ayambe wadziwa kuti akapempha anthu amamva."

"Adzalankhula?"

"Sindikudziwa, malume. Ena amalankhula, ena amakhala ndi manja kapena zithunzi. Sindingakulonjezeni."

Alamu anandiyang'ana, koyamba chichokere Loweruka. "Aphunzitsi, sing'anga wosalonjeza munamuonapo?"

"Ngakhale ine zimandikayikitsa, alamu."

Pamenepo tinagwirizana. Amadamu anatisiya n'kukhala pamphasa. Anauzira thovu, anatseka kabotolo, anadikira. Ulendo woyamba anachita kumukhudza chigongono. Wachiwiri mwana anayang'ana kudenga n'kuyamba kung'ung'udza. Wachitatu manja anabwera okha. Alamu anapempha kuti aone kabotolo. Anakanunkhiza, anakayang'ana cha kuwindo, kenako anaviika chala n'kulawa.

"Ndi sopo," anatero mokhumudwa. Analawanso kuti atsimikize, ndipo anageya thovu njira yonse mpaka pasiteshoni. Ana a sukulu ankatitsatira akulithamangitsa.

Ndinawaperekeza ndekha. Minibasi ya ku Kasenengwa inali itatsala pang'ono kudzaza. Alamu anaika phazi limodzi pakhomo, n'kulankhula akuyang'ana tayala.

"Mwana akhale. Kumudzi sindingapite naye mmene alilimu. Angakapemphe nthutumba ya abambo atabwera kudzachita misa, ine n'kuchotsedwa paudindo. Mwayamba nokha zimenezi, mumalize nokha. Mayi ujanso mumuuze kuti za kukanizidwazo asachedwe nazo."

Anakwera, anakhala, minibasi inaliza injini. Ndiye anatsegula windo.

"Koma aphunzitsi, ndikadzabweranso, inu mudzadyera panja."

Amabwera ndithu, thonje likawapatsa mpata, kudzaona mphwawo, amene akupitabe kukiliniki. Nkhuku ikapsa ine ndimatenga mbale yanga n'kukakhala pakhonde.